Mafunso ndi mayankho: misonkhano ya ESIA m'midzi

Mafunso awa akubwera mobwerezabwereza ku ofesi ya zachilengedwe yapakhonsolo, makamaka kuchokera kumadera komwe kukubwera migodi, misewu ndi malo ophwanyira miyala.

Kodi ESIA n'chiyani?

Ndi kafukufuku woona momwe ntchito idzakhudzire chilengedwe ndi anthu isanayambe, malinga ndi lamulo la Environment Management Act la 2017.

Lipoti la kafukufukuyu amalivomereza ndani?

Bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA (Malawi Environment Protection Authority). Si khonsolo, si a mfumu.

Ndinasaina pepala pamsonkhano. Ndiye kuti ndavomera?

Pepala lolembapo dzina, mudzi ndi siginecha kapena chidindo cha chala limangosonyeza kuti munalipo. Si chilolezo chotengera munda wanu. Koma werengani mutu wa pepalalo musanasaine, chifukwa nthawi zina lolandirira ndalama ya thiransipoti limayenda limodzi ndi mapepala ena. Dziwaninso kuti kufunsidwa maganizo sikutanthauza kuti mukakana ntchitoyo yaima basi. Nkhawa zanu zimalowa mu lipoti, a MEPA n'kuziunika. Choncho nenani zogwirika: chitsime chiti, manda ali pati, fumbi lidzafika pasukulu iti. Pomaliza pemphani kuti zolembedwa pamsonkhanowo ziwerengedwe mokweza.

Nanga chipukutamisozi?

Apa ndi pomwe anthu amatikwiyira, chonsecho ofesi ya zachilengedwe siwerengera ndalama za munthu. Kuyeza malo, nyumba, mitengo ndi mbewu kumatsata malamulo a zamalo, ndipo kumadutsa kwa akatswiri owerengera katundu ndi ofesi ya DC. Sitingalonjeze kuchuluka kwa ndalama kapena tsiku lolandira. Mikangano yambiri imabuka pa munda wobwereka, pa malo a banja omwe alembedwa dzina la munthu m'modzi, komanso pa zomwe zamangidwa kalembera atatsekedwa, zomwe kawirikawiri siziwerengedwa. Tsiku loyeza mukhalepo nokha, muwerenge nawo mitengo ya mango ndi nthochi, ndipo musunge pepala lanu.

Wolemba lipoti amalipidwa ndi kampani. Sangakondere?

Inde, amalipira ndi mwini ntchito, ndipo nkhawayi ndi yomveka. N'chifukwa chake lipoti limaunikidwanso ku MEPA, ndipo likhoza kubwezedwa kuti likakonzedwe.

Lipotilo tingaliwone?

Mungathe, ndi ufulu wanu. Vuto n'lakuti limakhala lalikulu komanso la m'Chingerezi. Kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC), pemphani kuti gawo la zomwe kampani yalonjeza kuchita lifotokozedwe m'chinenero chanu.