Khadi lachikasu la alimi a nkhumba ku Denmark: mafunso ndi mayankho

Khadi limeneli ndi lotani?

Ku Denmark nkhumba n'zambiri kuposa anthu. Kuyambira mu 2010, boma limapereka khadi lachikasu kwa mlimi amene wabaya kapena kumwetsa nkhumba zake maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya) mopyola mlingo woikika. Ndi chenjezo, ngati lija amatulutsa woimbira mpira.

Boma limadziwa bwanji za m'khola la munthu?

Mankhwalawa sagulidwa popanda dokotala wa ziweto kulemba. Aliwonse ogulidwa amalowa m'kaundula wa VetStat, amene anayamba mu 2000, ndipo boma limaona zimene khola lagwiritsa ntchito pa miyezi 9. Mlingo wake ndi wosiyana: wa nkhumba zoswana, wa zonenepetsa, ndi wa tiana tongosiya kuyamwa. Tianati ndi timene timamaliza mankhwala ambiri, chifukwa tikachoka pa bere timakonda kutsegula m'mimba, mlimi n'kungothira mankhwala m'madzi a khola lonse.

Ukalandira khadi chimachitika n'chiyani?

Amakupatsa miyezi 9 kuti utsike. Ukalephera, pamabwera dokotala wina kudzaunika khola, ndipo ndalama zake umalipira wekha. Zikapitirira ndi khadi lofiira, pamene angathe kukulamula kuchepetsa nkhumba m'khola.

Mankhwala onse amawerengedwa mofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anachenjera. Kuyambira mu 2016 anayamba kuwasiyanitsa. Colistin, amene madokotala a anthu amasungira wodwala amene mankhwala ena onse amukana, anayamba kuwerengedwa kuchulukitsa ka 10. Alimi anangomusiya okha. Chaka cha 2015 n'kuti akatswiri atapeza, m'nkhumba za ku China, mabakiteriya okhala ndi jini (kachidutswa ka chibadwa) yotchedwa mcr-1 yowachititsa kusamva colistin.

Ndiye nkhumba yodwala aziingoyang'ana?

Ayi, iyenera kuthandizidwa. Chimene akuletsa n'kubisa uve ndi kuthithikana kwa m'khola ndi mankhwala. Ndiponso kuyambira pa 28 Januwale 2022, mayiko onse a European Union analetsa kupereka maantibayotiki mwachizolowezi.

Nanga ife kuno zikutikhudza pati?

Oxytetracycline amene ambiri timagula kwa ogulitsa zaulimi ndi wa gulu limene ku Denmark analikwezeranso mawerengedwe. Chigodola chikagwa m'mudzi, ena amathamangira botolo lomweli, chonsecho chigodola ndi vayirasi ndipo jakisoni ameneyu sachigwira. Ndalama zapita, nkhumba zafa, ndipo zina zaphedwa msangamsanga n'kukagulitsidwa mankhwala asanathe m'thupi.