Fumbi la Nyenyezi Zofiira: Kulibe Kapena Sitikuliona?

Nkhaniyi inayamba mwangozi. Mu 1983 akatswiri a zakuthambo analozetsa telesikopu ya IRAS pa nyenyezi ya Vega pongofuna kuyesa ngati makinawo akugwira bwino ntchito. Anadabwa kupeza kuti Vega ikutulutsa kuwala kwa infrared kochuluka kuposa mmene ankayembekezera. Kuwala kumeneku maso sakuona. Kuli ngati mbaula imene makala ake aphimbidwa ndi phulusa: moto suoneka, koma ukayandikiza dzanja umamva kutentha. Chinkatulutsa kuwalako chinali fumbi lozungulira nyenyeziyo, limene imalitenthetsa pang'ono, lopangika miyala ikamawombana n'kuphwanyika. Kumene kuli fumbi lotere, kulinso zotsalira za ntchito yopanga mapulaneti.

Funso linabwera lokha: nanga nyenyezi zazing'ono zofiira? Pa nyenyezi zinayi zilizonse za mu Mlalang'amba, pafupifupi zitatu n'zamtunduwu, ndipo zambiri zoyandikana ndi Dzuwa n'zimenezi. Koma fumbi lake lakhala likuzemba. Mu 2004 Paul Kalas ndi anzake anatulutsa chithunzi chojambulidwa ku Mauna Kea, Hawaii, chosonyeza fumbi la nyenyezi yofiira ya AU Microscopii litaoneka cham'mbali ngati kamzere. Kuwala kwa nyenyeziyi kumatenga zaka 32 kuti kutifike, ndipo ndi yaing'ono msinkhu, ya zaka pafupifupi 23 miliyoni. Koma telesikopu ya Spitzer, yoona kuwala kwa infrared, itafufuza nyenyezi zofiira zakale zapafupi, inabwerako chimanjamanja.

Apa mpamene akatswiri anagawanika. Ena amati mphepo yamphamvu yochokera pa nyenyezizi imachotsa fumbi msanga. Ena amati fumbilo lilipo, koma nyenyezi zake n'zozizira kwambiri moti sizilitenthetsa mokwanira kuti makina athu alione. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, makamaka chifukwa telesikopu ya Herschel, yoona zinthu zozizira kwambiri, inapeza fumbi pa nyenyezi yofiira yakale ya Gliese 581 mu 2012.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Proxima Centauri, nyenyezi yofiira yoyandikana kwambiri ndi Dzuwa. Mu 2017 gulu lina linalengeza kuti makina a ALMA ku Chile, amene amagwira mafunde aatali kuposa infrared, apeza fumbi kumeneko. Chaka chotsatira Meredith MacGregor ndi anzake anapendanso zomwezo, kamphindi ndi kamphindi. Anapeza kuti pa 24 March 2017 nyenyeziyo inaphulika moto, kuwala kwake pa mafundewo n'kuwonjezeka pafupifupi ka 1,000 m'masekondi 10 okha. Kuwala kwa kanthawiko kutasakanizidwa ndi kwa maola onse, kunaoneka ngati fumbi.