Mlandu wa Eichmann: Pamene Dziko Linayamba Kumvera Opulumuka

Asilikali a Soviet Union atafika ku Auschwitz, msasa wopherako anthu umene boma la Nazi la Germany linamanga ku Poland, pa 27 Januwale 1945, chakumapeto kwa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, anapeza akaidi pafupifupi 7,000, ambiri atatsala mafupa okhaokha. Pamsasawu panali pataphedwa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ochuluka mwa iwo Ayuda. Amene anatuluka amoyo analibe kolowera. Ena atabwerera ku Poland anapeza m'nyumba zawo mukukhala anthu ena, ndipo mu Julayi 1946 chikhamu cha anthu chinapha Ayuda 42 mumzinda wa Kielce, nkhondo itatha kale. Ambiri anakhala zaka m'misasa ya anthu osowa kwawo ku Germany. Wa Föhrenwald unatsekedwa mu 1957.

Anthu amakonda kunena kuti opulumukawa anangokhala chete. Sizinali choncho kwenikweni. Analipo ambiri amene anafotokoza ndi kulemba zomwe anaona nkhondo itangotha, koma owamvera anali ochepa. Ku America ankalangizidwa kuti aiwale zakale. Ku Israel, dziko latsopano lonyadira anthu odziteteza okha, ankafunsidwa kuti, bwanji simunalimbane nawo? Nanga inuyo munapulumuka bwanji? Funso lachiwirili limandipweteka kwambiri, chifukwa limamuika pamlandu munthu amene makolo ake ndi ana ake anaphedwa ndi mpweya wapoizoni, ngati kuti kukhala moyo kwakeko n'kulakwa. Munthu wofunsidwa chotere amatseka pakamwa, ndipo ena ankavala malaya a manja aatali kubisa nambala imene anawadinda pamkono ku Auschwitz.

Zinthu zinasintha mu 1961. Adolf Eichmann, mmodzi wa akuluakulu a SS, gulu lankhondo la chipani cha Nazi, amene ankayendetsa ntchito yotumiza Ayuda kumisasa pa sitima zapamtunda, anagwidwa ku Argentina mu Meyi 1960, ndipo mlandu wake unayamba ku Jerusalem pa 11 Epulo 1961. Pa milandu ya atsogoleri a Nazi ku Nuremberg nkhondo itangotha, oweruza anadalira kwambiri zikalata za boma la Nazi. Woimira boma pamlandu uwu, Gideon Hausner, anasankha njira ina: anaitana mboni zoposa 100, zambiri mwa izo opulumuka, kuti zinene ndi pakamwa pawo. Anthu ankamvetsera pa wailesi m'nyumba ndi m'masitolo. Mboni ina, Yehiel De-Nur, inakomoka ili mkati mofotokoza za Auschwitz, ndipo sinathe kumaliza umboni wake. Achinyamata amene anakula akuchita manyazi ndi makolo awo anamva koyamba zimene makolowo anasenza.

Eichmann ananyongedwa mu 1962. Chiyambire pamenepo umboni wa opulumuka unayamba kusonkhanitsidwa mwakhama. Mu 1979 ku New Haven, ku America, anayamba kuwajambula pa vidiyo, ndipo bungwe la Shoah Foundation, lokhazikitsidwa mu 1994, linajambula anthu oposa 50,000. Ku Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi ku Jerusalem, achibale akulembabe mayina a ophedwa pa mapepala a umboni, chifukwa mwa Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa alipo ambiri amene mayina awo sanapezekebe, makamaka a m'mabanja amene sanatsale ndi mmodzi yemwe wowatchula.