Kuchokera ku Milner Park kufika ku Nasrec

Lamlungu lapitali tili pakabwalo kathu ka fumbi, tikudikira kuti timu ikwane, mkulu wina anaponya funso: "Achimwene, maholo aja a ku Nasrec chionetsero chikatha amangokhala otseka. Bwanji osatipatsako ife tizimenyamo mpira?" Anyamata anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa kuno ku Joni malo a chionetsero anasinthidwapo kale ntchito, ndipo ambiri timadutsa pambali pake pa taxi osadziwa.

Chionetsero chimene ankanenacho, Rand Show, chinayamba mu 1894, mzindawu uli ndi zaka 8 zokha. Chinali chionetsero cha alimi: ng'ombe, mahatchi, nkhosa, mbewu. Nkhondo ya Aburu ndi Angerezi inachiimitsa, kenako mu 1907 chinakhazikika ku Milner Park, pafupi ndi Braamfontein. Mu 1936 Johannesburg itakwanitsa zaka 50, pamalopa panachitikira Empire Exhibition, ndipo anamanga nsanja yotchedwa Tower of Light. Ilipo mpaka lero, ngakhale ana asukulu odya chipisi m'munsi mwake sakweza n'komwe maso.

Pabwalo lomweli, pa 9 April 1960, pasanathe masabata atatu apolisi ataombera anthu ku Sharpeville, nduna yaikulu Hendrik Verwoerd anabwera kudzatsegulira chionetsero. Mlimi wina wachizungu, David Pratt, anamuyandikira n'kumuombera kawiri kumaso. Verwoerd anapulumuka. Imfa inadzamupeza mu 1966 m'nyumba ya malamulo ku Cape Town, pamenepo ndi mpeni.

Malo atachepa, chionetsero chinasamuka, ndipo mu 1984 yunivesite ya Wits inatenga Milner Park n'kuisandutsa West Campus. Apa ndiye pamandisangalatsa. Sanagwetse zonse n'kuyambira pansi ayi. Flower Hall, mmene kale ankaonetseramo maluwa, inadzakhala holo yolemberamo mayeso. Bwalo limene ankayendetsapo ng'ombe zopambana linakhala Charles Skeen Stadium ya masewera. Patapita zaka, mbali yokhala anthu oonerera ija anaikonza kukhala makalasi a sayansi, Science Stadium, moti mwana amaphunzira masamu pomwe agogo a anzake ankaombera m'manja nkhunzi. Pamwamba pa msewu wa M1 anayalapo mlatho waukulu wa oyenda pansi wolumikiza mbali ziwiri za yunivesiteyo. Koma tinene zoona, amene anapindula ndi mwana wa khadi la Wits. Iwe ndi ine pageti amatifunsa kuti tikufuna ndani.

Kumene chionetsero chinasamukirako ndi ku Nasrec, pakati pa tauni ndi Soweto, pafupi ndi zulu zachikasu za dothi la m'migodi. Ena mwa amene anafukula dothi la mtundu umenewu ndi agogo athu a Wenela aja. Pambali pake anatsegula FNB Stadium mu 1989, mmene Nelson Mandela anayankhulira khamu mu February 1990 atangotuluka kundende, ndipo Spain inatengera chikho cha dziko lonse mu 2010. Maholo a chionetserowo nawo aona zambiri. Mu 2010 ndimo munkachokera zithunzi za mpirawo kupita pa TV dziko lonse, mu December 2017 a chipani cha ANC anasankhiramo Cyril Ramaphosa kukhala mtsogoleri wawo, ndipo mu 2020 anayalamo mabedi a odwala Covid.

Ndiye holo imene yakhalapo chipatala singalephere kukhala bwalo la netibolo kapena nkhonya. Chovuta si makoma. Magetsi, alonda ndi madzi a m'zimbudzi amafuna wolipira, ndipo eni malo amapeza ndalama pobwereketsa maholowo kwa a makampani ndi a zipani, osati kwa timu yosonkherana ma R20 ogulira mpira.

Ndinamufotokozera mkulu uja zonsezi. Anangoti, "Chabwino achimwene, nanga goloboyi wathu ali kuti?" Tinaika zikwama ziwiri mbali ino, ziwiri mbali inayo, mpira n'kuyamba.