Ndalama ya lendi si phindu yonse

Anthu ambiri ongoyamba kugula nyumba zochititsa lendi amaganiza kuti ndalama yonse imene wa lendi walipira ndi phindu. Ayi ndithu. Pa ndalama imeneyo pamachoka msonkho, inshulansi, zokonzetsera nyumbayo komanso ngongole ya kubanki ngati munakongola. Denga likayamba kudontha kapena paipi ikaphulika usiku, foni imene imalira ndi yanu.

Koma chimene chimapweteka mwakachetechete ndi miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu. Wa lendi akasamuka, n'kupita miyezi 2 musanapeze wina, mwataya gawo limodzi mwa magawo 6 a ndalama za chaka chonse, pomwe banki ikufunabe zake mwezi ndi mwezi. Apo simunagule penti yopaka makoma othimbirira amene wakusiyirani.