Tiyi ali pafupi, phiri lili kutali: fokasi tiike pati?

Tiyerekeze kuti mwaima m'munda wa tiyi ku Mulanje. Masamba ali mita imodzi kuchokera pa kamera, phiri lili uko kutali, ndipo mukufuna kuti zonse ziwiri zituluke bwino pa chithunzi chimodzi. Ambiri amangoisiya kamera kuti isankhe yokha. Nayo imagwira chimene yayamba kuchiona, ndiye munthu akatsegula chithunzicho pa kompyuta amapeza masamba ali bwinobwino koma phiri lili mbuu.

Lenzi iliyonse imaona molondola pa mtunda umodzi wokha. Mukaika fokasi pa mamita 5, zinthu za pa mamita 5 ndi zokhazo zimene zagwidwa ndendende, ndipo za kutsogolo ndi za kumbuyo zimayamba kuchita chimbuuzi pang'onopang'ono. Mwayi wake ndi wakuti diso silizindikira chimbuuzi chochepa, choncho pamakhala dera lozungulira malo a fokasi limene limaonekabe bwino. Ojambula amalitcha depth of field. Derali limakula mukachepetsa bowo la lenzi, kutanthauza kukweza nambala ya f kufika pa f/8 kapena f/11. Limakulanso mukagwiritsa ntchito lenzi yoona malo aakulu monga ya 18mm kapena 24mm, komanso mukakankhira fokasi kutali.

Pa lenzi iliyonse ndi bowo lililonse pali mtunda wina wapadera wotchedwa hyperfocal. Mukaika fokasi pamenepo, zonse kuyambira pa theka la mtundawo mpaka kumene maso amalekezera zimaoneka bwino. Pa kamera ya full frame, imene sensa yake (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera) ndi yaikulu ngati filimu ya 35mm, lenzi ya 24mm pa f/11 mtunda umenewu ndi pafupifupi mamita 1.8, ndiye kuti kuyambira pa masentimita 90 mpaka kuphiri zonse zili m'dera labwino. Amene muli ndi makamera a sensa yaing'ono ya APS-C, aja amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, mukakhala pa 18mm ndi f/8 mtundawu ndi pafupifupi mamita 2. Simukufunika kuwerengetsa nokha, mapulogalamu a pa foni monga PhotoPills amakupatsani nambalayi.

Koma ine sindilangiza munthu kuika fokasi pa hyperfocal penipeni, ndipo chifukwa chake chili m'manambala omwewa. Tengani lenzi ya 24mm ija pa f/11. Mukaphonya pang'ono n'kuika fokasi pa mamita 1.5 m'malo mwa 1.8, dera labwino limathera pa mamita pafupifupi 10. Phiri mwalitaya chifukwa cha masentimita pafupifupi 30 okha! Tsono muphonyere mbali inayo, muike pa mamita 3. Phiri lilipo, ndipo likuoneka bwino kuposa poyamba, pamene kutsogolo mwangotaya pang'ono: dera labwino likuyambira pa mamita 1.1 m'malo mwa masentimita 90. Kuphonya kumene kuli kotchipa ndi kwa kutali. Ndipo kumundako palibe amene amayenda ndi tepi yoyezera, tonse timangoyerekeza ndi maso kapena ndi mapazi, choncho kuphonya kulipo ndithu.

Palinso china chimene mapulogalamu aja sanena mokweza. Manambala awo amadalira mgwirizano wakale wakuti kadontho ka chimbuuzi kosapitirira mamilimita 0.03 pa filimu ya 35mm sikaoneka. Mgwirizanowu unapangidwa poganizira chithunzi chosindikizidwa cha mainchi 8 kwa 10, chimene munthu akuchiyang'ana atachigwira m'manja. Masiku ano tili ndi makamera a ma megapixel 24 kapena 45, ndipo timakulitsa chithunzi pa sikirini mpaka kuwerenga mitengo ya m'mbali mwa phiri. Pa hyperfocal, phirilo limakhala kumalire kwenikweni kwa zovomerezeka, ngati mwana wa sukulu amene wakhoza mayeso ndi malikisi omalizira. Ngati chithunzicho n'choika pa WhatsApp, palibe vuto. Ngati mukufuna kuchisindikiza chachikulu chopachika pakhoma, kankhirani fokasi kutali, ngakhale kuwirikiza kawiri nambala imene foni yakupatsani.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yothandiza pamalo ojambulira ndi yosavuta. Yang'anani m'munsi mwa chithunzi chanu, mupeze chinthu choyandikira kwambiri chimene mukufuna chioneke bwino. Yerekezani mtunda wake, muuwirikize kawiri, muwonjezereko pang'ono, ndipo mupeze tsamba kapena mwala wa pa mtunda umenewo kuti muikepo fokasi. Mukatero sinthani lenzi ikhale pa manual kuti kamera isasinthenso mukamadina. Jambulani, kenako kulitsani chithunzicho pa sikirini ya kamera, muone kaye phiri, kenako masamba. Zonse zikapanda kukwanira, chepetsani bowo pang'ono. Zikakanikabe, bwererani m'mbuyo sitepe imodzi kapena kwezani kamera m'mwamba. Kusuntha kumeneku nthawi zambiri kumathetsa vuto limene mabatani alephera.

Mwina munamvapo malangizo akuti muziika fokasi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a malo amene mukujambula. Anachokera pa mfundo yakuti dera labwino limakhala gawo limodzi kutsogolo, magawo awiri kumbuyo. Zimenezi n'zoona pa mtunda umodzi wokha, pamene fokasi ili pa gawo limodzi mwa atatu a hyperfocal. Mukamajambula duwa chapafupi, kutsogolo ndi kumbuyo kumakhala pafupifupi kofanana, ndipo mukafika pa hyperfocal kumbuyo kulibenso malire. Komanso ngati phiri lili pa makilomita angapo, gawo limodzi mwa atatu la mtunda umenewo ndi pati?

Ena amathawira ku f/22 poganiza kuti bowo likachepetsetsa zonse zitheka. Dera limakuladi, koma kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri kumamwazika, ndipo chithunzi chonse chimafewa, ngakhale pamalo a fokasi pomwe. Pa makamera ambiri zimenezi zimayamba kuonekera cha pa f/16. Kuwonjezera apo, bowo laling'ono limafuna kuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, ikhale yotsegula nthawi yaitali, ndiye kamphepo kakangodutsa masamba aja agwedezeka.

Lenzi zokokera zinthu zakutali ndi nkhani ina. Ya 50mm pa f/11 hyperfocal yake ili kale pa mamita 7.6, ndipo ya 200mm ili pa mamita pafupifupi 120. Mukakhala pa gombe ku Cape Maclear n'kumakoka chilumba cha Thumbi ndi lenzi yoteroyo, bwato limene lili pa mamita 15 silingatuluke bwino limodzi ndi chilumbacho. Apa musankhe chimodzi. Ine ndingaike fokasi pa msodzi ndi bwato lake, chilumba chikhale chofewa kumbuyo. Ngati mukuzifunadi zonse, imikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, mujambule zithunzi ziwiri kapena zitatu mukusintha fokasi yokha, kenako muziphatikize pa kompyuta. Njira imeneyi imayenda bwino pa miyala ndi nyumba, koma pa madzi ndi udzu wogwedezeka imasiya zipsera.

Amafoni musade nkhawa kwambiri. Lenzi yaikulu ya foni ndi yaifupi, mamilimita ochepa chabe, choncho mukadina pa chinthu cha pa mamita angapo, zakutali zambiri zimatuluka bwino.

Ndipo si phiri lililonse looneka mbuu limene lalakwitsidwa ndi fokasi. M'miyezi ya September ndi October mpweya umadzaza utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, ndipo masana nthaka ikatentha mpweyawo umanjenjemera, zakutali n'kumaoneka ngati zikuvina. Palibe bowo kapena mtunda wa fokasi umene ungakonze zimenezo. Kuti mudziwe chalakwa n'chiyani, jambulani chithunzi chimodzi fokasi ili pa phiri penipenipo. Likakhalabe lofewa, vuto ndi mpweya, ndipo mubwerenso m'mamawa kapena mvula ikangokata.