Wiriyamu: kodi Apwitikizi analapa?

Pa 2 Sepitembala 2022, pa chakudya chamadzulo ku Maputo, nduna yaikulu ya dziko la Portugal pa nthawiyo, António Costa, inaima pamaso pa Pulezidenti Filipe Nyusi n'kunena kuti ikuweramitsa mutu pokumbukira anthu amene asilikali a Apwitikizi anawapha ku Wiriyamu mu Disembala 1972. Inati zimene zinachitika kumeneko n'zopanda chodzikanira, ndipo zimachititsa manyazi mbiri ya dziko lake. Nyuzi zinalemba kuti Portugal wapepesa. Chiyambire pamenepo, mwezi wa Disembala ukamayandikira nkhaniyi siilephera kudzuka pakati pa akhristu kuno ku Angónia. Ena amati munthu wamkulu chotero akagwetsa nkhope, mlandu watha, nafenso tikhululuke monga tinaphunzitsidwa. Achikulire ambiri amangopukusa mutu. Kwa iwo amenewo anali mawu a pa phwando, kulapa kwenikweni sikunachitike.

Wiriyamu si kwathu kuno. Ndi kutsidya la Zambezi, pafupifupi makilomita 30 kummwera kwa mzinda wa Tete, kwa abale athu olankhula Chinyungwe. Zimene zinatsogolera n'zodziwika, sindichedwapo. Mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba, Frelimo inakulitsa nkhondo m'chigawo chino mpaka kuwoloka mtsinje, ndipo Apwitikizi anayamba kukusa anthu kuwaika m'midzi yolonderedwa, ija ankaitcha aldeamento, kuti asadyetse ankhondo a kutchire. Mpingo wa Katolika unali womangika ndi boma kudzera m'pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Vatican. Ansembe ena zimenezi zinawafika pakhosi: a White Fathers anachoka m'dziko muno mu 1971 posafuna kuti kukhala chete kwawo kuoneke ngati kuvomereza, ndipo ansembe awiri a ku Spain a gulu la Burgos anatsekeredwa kundende ya Machava ataulula za kuphedwa kwa anthu ku Mucumbura.

Loweruka pa 16 Disembala 1972, ndege zinayamba kuponya mabomba, kenaka mahelikopita anatsitsa makomando a gulu lachisanu ndi chimodzi pamodzi ndi anthu a Pide, polisi yachinsinsi ya Apwitikizi, imene pa nthawiyo inali itasinthidwa dzina kukhala DGS. Midzi isanu ndiyo inagwa m'manja mwawo: Wiriyamu, Chaworha, Juwau, Riachu ndi Djemusse. Ku Chaworha anthu anasonkhanitsidwa pabwalo, anauzidwa kuti aombe m'manja, ndipo ali mkati moomba mfuti zinayamba kulira. Mitembo inaunjikidwa, inafunditsidwa udzu n'kuyatsidwa. Kwina anthu ankakankhidwira m'nyumba n'kuwaponyera mabomba a pamanja. Mmodzi mwa amene opulumuka anamutchula kuti ankalamula kuti aphedwe onse anali Chico Kachavi, wa Pide, munthu wakuda ngati ife. Ichi ambiri sakonda kuchimva, koma chili m'maumboni.

Kupha kotere sikunali koyamba m'chigawo cha Tete. Chimene chinasiyanitsa Wiriyamu ndi malo ena amene mayina ake anazimirira ndi zimene zinachitika masiku otsatira, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse. Anthu ochepa anatuluka pansi pa mitembo moto usanawapeze, ena mwa iwo ana, n'kuyenda ndi mabala mpaka kuchipatala cha ku Tete, kumene asisitere anawalandira. Bambo Domingos Ferrão, wansembe wachikuda wa konkuno ku Tete, anayamba kulemba. Sanalembe chiwerengero chongoyerekeza ayi. Ankafunsa wopulumuka aliyense kuti wafa ndani, wa banja liti, wamkulu kapena mwana, ndipo mayinawo ankawandandalika pa pepala mzinda uli wodzaza ndi makutu a Pide. Munthu wogwidwa ndi pepala lotero ankadziwa kumene akathere. Ansembe a Burgos anaphatikiza mayinawo ndi maumboni ena kukhala lipoti, ndipo kumayambiriro kwa 1973 awiri mwa iwo, Vicente Berenguer ndi Julio Moure, anatuluka nalo m'dziko mobisa. Ku Spain linafika m'manja mwa wansembe wa ku England, Adrian Hastings, amene analitulutsa m'nyuzi ya The Times pa 10 Julaye 1973, kutatsala masiku ochepa kuti mtsogoleri wa Portugal, Marcello Caetano, afike ku London kukakondwerera zaka 600 za ubale wa maiko awiriwo.

Boma la Lisbon linakanitsitsa. Linafika ponena kuti malo otchedwa Wiriyamu kulibe, pa mapu sakuoneka. Koma mudzi ungasowe pa mapu, mayina a anthu okhala ndi abale amoyo ndi ovuta kuwafufuta. Mtolankhani wina wa ku London, Peter Pringle, anafika ku Tete, anakumana ndi mnyamata wopulumuka, ndipo ngakhale a Pide anamulanda zolemba zake n'kumuthamangitsa, chithunzi cha mnyamatayo chinatuluka. Mkulu wa asilikali ku Mozambique, Kaúlza de Arriaga, anachotsedwa pa udindo chaka chomwecho. Pa 25 Epulo 1974 boma la Caetano linagwa.

Ziwerengero sizigwirizana kwenikweni. Lipoti la ansembe linkanena za anthu oposa 400. Katswiri wa mbiri yakale Mustafah Dhada, amene anacheza ndi opulumuka patapita zaka zoposa 20, anapeza mayina 385, osawerengera amene anafera kutchire pothawa kapena m'manja mwa Pide pambuyo pake. Ine ndimatsamira kwa Dhada chifukwa chiwerengero chake chili ndi mayina, ngakhale n'zoona kuti zokumbukira za munthu zimasokonekera zaka zikapita, ndiponso kuti ansembe aja anali atasankha kale mbali. Chimene mapepala sanatsimikize mpaka lero n'chakuti lamulo lenilenilo linachokera pa mlingo uti wa akuluakulu. Palibe amene anaweruzidwa kukhoti.

Tsono kulapa n'chiyani, kuti tiyese nako zonsezi? Mwana wa katekisimu aliyense ku Lifidzi kapena ku Domwe angakuuzeni kuti sakramenti la kulapa limafuna chisoni cha mumtima, kuulula machimo kwa wansembe ndi kuchita malipiro. Pouulula suti "ndachimwa" basi n'kudzuka. Umatchula tchimolo, ndipo ngati unaba umauzidwa kubweza. Anzathu a mpingo wa Reformada njira yawo ndi ina koma fupa lake ndi lomwelo: wogwa amaitanidwa ndi akulu a mpingo, amaimitsidwa mgonero, ndipo amabwezedwa akaonetsa ndi makhalidwe kuti watembenuka mtima. M'Baibulo, Davide sanalape yekha. Zinatengera mneneri Natani kubwera kudzamuloza chala kuti munthuyo ndi iyeyo, ndipo pemphero la Salimo 51 linabadwa pambuyo pa kulozedwako. Zakeyu, pa Luka 19, sanathere pa kulandira Yesu m'nyumba: analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Achikulire aja akamapukusa mutu amakhala akuganiza za Zakeyu, komanso za bwalo la kwa mfumu, kumene wolakwa sapepesa chimanjamanja. Amabwera ndi nkhuku kapena mbuzi, ndipo amakagwada kwa eni maliro, osati kwa mfumu yokha.

Pa muyeso umenewu, munthu amene anayandikirako pang'ono si nduna ayi. Ndi Antonino Melo, msilikali wachinyamata amene anatsogolera makomando tsiku lija. Atavomera kwa mtolankhani Felícia Cabrita zimene gulu lake linachita, mu 1998 anabwerera ku Wiriyamu, anaima maso ndi maso ndi opulumuka n'kupempha chikhululukiro. Odzudzula amati anabwera ndi makamera a kanema, ndipo anabwerera kwawo ali mfulu. N'zoona. Komabe anapita pamalo pamene magazi anakhetsedwa, anaonetsa nkhope yake kwa anthu oti akanatha kumulavulira, ndipo sanabisale kuseri kwa mawu oti "mbiri". Costa analankhulira ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,000, kwa akuluakulu anzake.

Sindikuti mawu a Costa ndi achabe. Boma limene linati mudziwo kulibe linafika pa kuutchula dzina, patatha zaka pafupifupi 50, ndipo mbali ya kuulula ija inakwanirako. Pa malipiro ndiye pamene panaterera. Mu Epulo 2024 Pulezidenti wa Portugal pa nthawiyo, Marcelo Rebelo de Sousa, ananena kuti Portugal ayenera kulipira pa zolakwa za nthawi ya ukapolo ndi utsamunda. Sipanapite sabata, boma la nduna yaikulu yatsopano, Luís Montenegro, linayankha kuti palibe dongosolo lililonse lotero. Amene amati tikhululuke basi ali ndi vesi lawo, ndipo ndi lamphamvu: Yesu anapempherera omupachika iwo asanalape. Koma kukhululuka ndi ntchito ya wolakwiridwa, kulapa ndi ntchito ya wolakwa, ndipo kuolowa manja kwa wina sikumalizira mnzake ntchito yake.

Pali chinthu china chimene chimachititsa kuti mkanganowu uzizire msanga ukafika kuno kwathu. Nkhondo ya pachiweniweni ya zaka 16 inapsereza Angónia, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo owotcha midzi nthawi imeneyo sanachokere ku Lisbon. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya nkhondo ya mbali zonse ziwiri. Sipanakhale bungwe lofufuza choonadi ngati la ku South Africa. Anthu anabwerera, ena anasambitsidwa mankhwala kumudzi, ena analowa tchalitchi n'kukhala pa benchi imodzi ndi amasiye a anthu amene anawapha. Ambiri amati chete ameneyo ndiye anasunga mtendere, ndipo sindingawatsutse mopepuka, pakuti amene akunenawo ndi omwe anaika maliro. Koma akulu anati mlandu suola. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anatenga ansembe awiri a Chijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, panyumba yawo ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, ndipo mitembo yawo inapezeka patapita masiku. Mu 2021 dayosizi ya Tete, pansi pa Ambuye Diamantino Antunes, inatsegula ntchito yosonkhanitsa maumboni kuti awiriwa adzatchedwe odala. Amene anawatenga usiku umenewo lamulo la 1992 linawaphimba, ndipo palibe khoti limene linawafunsapo kanthu.